Mzere Woledzera

Kuntchito kwathu kabokosi kaja timakatcha kamwanapiye. Ndege iliyonse imakhala nako chakumchira, kooneka ngati lalanje lakupsa, kokhala ndi batire lakelake. Ndege ikamenya pansi, kamadzidzimuka n'kuyamba kulira. Kulirako khutu la munthu silingakumve, chifukwa kamalira pa mafunde a wailesi. Imamva ndi setilaiti yodutsa m'mlengalenga, iyo n'kutiuza ife a m'chipinda cha opulumutsa anthu, pansi pa nsanja ya pabwalo la ndege. Ntchito yanga ndi kuwerenga kulira kumeneko n'kunena kuti kamwanapiye kali pakuti. N'chifukwa chake anzanga amanditcha a Makutu, ngakhale kuti makutu angawa ndi aang'ono kuposa a onse m'chipindamo.

Tsiku limenelo kanalira dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Kompyuta inachita phokoso lake lonyansa lija, nambala ya ndege n'kutuluka pa sikirini, ndipo sindinafunikire kufunsa munthu kuti ndege imeneyo ndi ya yani. Inali yaing'ono ija ya injini imodzi imene mng'ono wanga amayendetsa. Kwathu timamutcha Mzime poti ndiye wotsiriza, ndipo ngakhale akuuluza ndege, amayi amamutumabe kokagula machesi. M'mawa umenewo anali atanyamula dokotala ndi anamwino awiri kupita nawo kuchipatala cha kuseri kwa mapiri.

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Mpando unagubudukira kumbuyo n'kukagunda kabati.

M'chipindamo tinalimo atatu. Abwana ndi munthu wodekha mopsetsa mtima, woti nyumba ikuyaka angayambe apinda bulangete. Wina ndi a Pulofesa, amene si pulofesa ayi, ndi wokonza makina athu, koma amawerenga mabuku a nyenyezi ndipo ukawafunsa nthawi amayamba akufotokozera m'mene dzuwa linabadwira. Onse awiri anabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Nambalayo ankaidziwa, poti Mzime sankadutsa pabwalopo osasuzumira m'chipinda chathu kudzaba shuga.

Abwana anaimba kunsanja. Wa pansanja anati analankhula ndi Mzime komaliza akulowa m'dera la mapiri, ndipo kumeneko wailesi imaduka kawirikawiri, ndiye sanadabwe naye atakhala chete. Abwana anaimbanso kuchipatala kuja, kumeneko n'kuti ndege sinafike, mitambo yatseka thambo lonse. Ine ndinaimba foni ya Mzime. Inandiyankha ndi mayi wa m'makina uja, mwaulemu wake wosathandiza, kuti nambala imene ndikuimbayi sikupezeka.

"A Makutu," anatero abwana, "malamulo akuti ngati ndi m'bale wanu, mutuluke m'chipinda muno."

"Ndiye mzere wa pa kompyutawu awerenga ndani? Mnzanga wodziwa ntchitoyi ali kuchikuta. Muwerenga inuyo?"

Anangokoka mpando wanga uja n'kuubweza pamalo pake.

Kamwanapiye ka ndege ya Mzime kanali ka mtundu wakale, kosatha kunena kokha komwe kali. Kamangolira basi, mawu amodzimodzi osasintha. Chimene chimatithandiza ndi liwiro la setilaiti. Aliyense amene anaimapo m'mphepete mwa msewu ambulansi ikudutsa akuchidziwa chimenechi: ikamabwera mawu ake amakhala okwera, ikangokupitirira amatsika n'kukhala obuula. Kuwala nako kumatero, ndipo mafunde a wailesi ndi kuwala komweko, kungoti maso athu sakuona. Setilaiti ikamathamangira komwe kuli kamwanapiye, mafunde amaipeza atapanikizana. Ikamachokako, amaipeza atatamuka. Kompyuta imajambula zimenezo kadontho ndi kadontho mpaka kupanga mzere woyambira pamwamba, n'kutsetsereka, n'kukathera pansi. Nthawi imene mzerewo watsetsereka komanso m'mene watsetserekera ndi zimene zimatiuza malo.

Mzere wabwino umakhala wosalala. Wa tsiku limenelo unali wophiriphitha, timadontho tina titakwera, tina titatsika, osafuna kukhala m'njira. Mizere yotere timaitcha yoledzera, ndipo aliyense m'ntchito yathu akuuza chifukwa chake asanameze n'komwe malovu: kabokosi kamenyeka kwambiri pogwa. Kompyuta inadandaula kuti siikukhulupirira zimene ikuona, komabe inaloza malo. Anali pakati pa mapiri, m'njira yeniyeni imene Mzime ankayenera kudutsa.

"Tidikire setilaiti yachiwiri," anatero abwana. "Mzerewu sindikuukonda."

"Yachiwiri ibwera patapita ola ndi kanthu."

"Ndikudziwa. Koma helikopita tili nayo imodzi. Ikapita kumapiriko n'kukasakasaka, mafuta akathera komweko. Pobwera kudzamwetsa ena, mvula imene a zanyengo akunenayi ikhala itatseka. Ulendo tili nawo umodzi wokha, a Makutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono zanuzo mukaziona nokha!" ndinakuwa. "Mwana ali m'phiri akukha magazi, inu mukundiphera miyambi? Malo ndi awa, ali m'njira yake, mukufunanso chiyani? Akulembereni kalata?"

Ndinali ndisanalankhulepo choncho kwa abwana, ndipo a Pulofesa anayang'ana kudenga ngati kuli nkhani. Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye, ndipo chimenecho chinandiwawa kwambiri. Anatenga wailesi n'kuuza a Kaputeni, oyendetsa helikopita, kuti anyamuke. Posakhalitsa mawindo ananjenjemera, mapepala a pa desiki n'kugwedezeka, kenako phokosolo linanka lizilala chakumadzulo.

Ndinkayesa kuti mtima ukhala pansi, koma ayi. Helikopita itapita ndinasowa chochita ndi manja anga, ndiye ndinangokhala maso ali pa mzere uja. Ndinachotsamo kutsetsereka kwa setilaiti kuti nditsale ndi kugwedera kokhako, monga timachitira tikamafuna kulemba kuti kabokosi kanawonongeka motani. Sindinkafufuza kanthu. Ndinkangothawa kuganiza za nkhope ya Mzime.

A Pulofesa anaweramira pa phewa langa, kapu ili m'manja.

"Mukudziwa, a Makutu, dziko limakoka ngakhale kuwala. Mafunde akamakwera kuchoka pansi pano amafika kumwambako atatamukako, ngati atopa ndi chikweza. Kukanakhala kuwala kooneka, tikanati kwafiirirako. Ndiye ndimaganiza kuti poti uku n'kumapiri, kwina kokwera kwina kotsika, mwina..."

"A Pulofesa, chonde. Zimenezo n'zoona, koma pa dziko lathuli n'kachinthu kochepetsetsa. Kugwedera uku n'kwakukulu ngati nyumba, kukoka kwanuko n'kanjere ka mchenga pakhonde. Ndiponso kabokosi sikakudumpha kuchoka paphiri kupita m'chigwa n'kubwereranso."

"Ndimangoyesa kuthandiza."

"Ndikudziwa. Pepani."

Abwana, amene anali pawindo atatifulatira, analankhula motsitsa, ngati akuuza galasi.

"Kapena moto."

Tonse tinkadziwa kuti kamwanapiye kakatenthedwa mawu ake amasokonekera. Liwu limenelo linali m'mutu mwanga kuyambira pachiyambi, ndipo ndinali nditalikhalira kuti lisadzuke. Tsopano linali litatuluka. Ndinaona Mzime atamangidwa ndi lamba pampando wake, ndipo ndinagwira m'mphepete mwa desiki kuti ndisagwe.

A Pulofesa akada nkhawa satha kukhala pansi. Anayamba kuyenda mozungulira tebulo lalikulu la mapu lili pakati pa chipinda. Nsapato zawo zimalira kwii kwii, ndiye ndinkawamva akubwera chakuno, akupita chauko, akubweranso, akupitanso. Ndinapirira, kenako zinandikwana.

"Takhalani pansi inu! Mukungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira, mukundi..."

Mawu anandithera pakamwa. Ndinayang'ana a Pulofesa, ndinayang'ana sikirini. Timadontho tija tinkakwera, n'kutsika, n'kukwera, n'kutsika, ndipo kukwera kulikonse kunali kofanana ndi kunzake, kutalika kwake n'chimodzimodzi. Moto suchita zimenezo. Moto umakokera mawu mbali imodzi mpaka kabokosi kufa. Ndipo munthu woledzera sabwereza mapazi ake mwadongosolo chonchi.

"Abwana," ndinatero, "mzerewu sunaledzere. Akuzungulira."

"Ndani?"

"Mzime. Pamene setilaiti imadutsa, ndege inali isanagwe. Inali m'mwamba ikuzungulira. Taonani apa. Apa akulowera komwe kuli setilaiti, mafunde apanikizana. Apa watembenuka, akuithawa, atamuka. Apa wabweranso. Katatu konse, mofanana."

"Koma kamwanapiye kamalira ndege ikagwa."

"Kamalira ikagwa, inde. Koma kutsogolo kwa woyendetsa kuli kabatani koti akhoza kukaliza ndi dzanja. Timaiwala chifukwa sitinaonepo wina akukagwiritsa ntchito. Magetsi a ndege akafa, wailesi yafa, zonse zafa, chotsala ndi mawu n'kabokosi kokhako poti kali ndi batire lakelake. Ali pamwamba pa mitambo, sakuona pansi, akufuna pong'ambika kuti atsikirepo."

A Pulofesa anaika kapu pa mapu, chinthu chimene abwana amaletsa, koma palibe anawadzudzula.

"Ndiye kuti malo amene kompyuta yatipatsawa..." anayamba motero.

"Ndi abodza. Kompyuta imawerengera ngati kabokosi kakhala malo amodzi, chothamanga ndi setilaiti yokha. Ife tonse timaganiza choncho, poti timazolowera kufunafuna zogwa. Liwiro la ndege lalowerera pa liwiro la setilaiti, masamu onse apita kutchire. Akhoza kukhala kutali ndi mapiriwo."

Ndinasangalala kwa kamphindi kochepa chabe, kokwanira kupuma kamodzi. Kenako ndinakumbukira komwe ndinali nditatumiza helikopita ndi kukamwa kwangaku.

Abwana anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anati a Kaputeni ali pafupi kufika pakati pa ulendo. Akabwerera tsopano, amwetsa mafuta n'kukhala okonzeka setilaiti yachiwiri ikamadutsa. Akapitirira, ndiye kuti tsiku latha.

"Koma mumve bwino, a Makutu," anatero. "Ngati mwalakwitsa, ngati kabokosiko kangomenyeka basi, mng'ono wanu ali m'phirimo panopa, ndipo tikhala tamulanda helikopita ili m'njira. Lamulo ndipereka ndine, mlandu ukhala wanga. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikufuna ndimve pakamwa panu."

Ndinawada abwana nthawi imeneyo, ngakhale ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinayang'ananso mzere uja. Timadontho tinali tochepa, toti munthu wofuna kuona zimene mtima wake ukufuna akhoza kuziona. Kodi ndinkawerenga masamu, kapena ndinkangokana kuti mwana wa amayi anga wapsa? Sindinathe kusiyanitsa. Ndinaika chala pa sikirini n'kutsata kukwera ndi kutsika kuja kachikena, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza mwala mu mpunga. Kunali kofanana ndithu.

"Abwerere," ndinatero.

A Kaputeni sanazilandire bwino. Mawu awo anatuluka mu wailesi ali ndi minga.

"Mukuti tibwerere? Mapiri tayamba kuwaona apa. Kodi kumeneko mukusewera bawo ndi miyoyo ya anthu?"

"Bwererani, a Kaputeni," anatero abwana. "Ndalamula ndine."

"A Makutu ali pomwepo? Akudziwa kuti mukutibweza?"

Ndinatenga cholankhulira m'manja mwa abwana. "Ndanena ndine, a Kaputeni."

"Chabwino, mayi," anatero a Kaputeni.

Pa moyo wanga sindinamvepo phokoso loipa ngati la helikopita ija ikutera panja pa windo lathu, ili yopanda munthu wopulumutsidwa. Amakaniko anathamanga ndi paipi ya mafuta. Namwino wa m'helikopita anatsika n'kuyang'ana kuwindo kwathu, manja ali m'chiuno. Ndinachoka pawindopo. Chakumadzulo thambo linali litayamba kuda ngati kunsi kwa poto.

Foni yanga inalira. Ndinailumphira, koma anali amayi.

"Iwe, mng'ono wakoyu foni yake yatani? Anati andiperekeza kwa dokotala wa maso mawa, ndiye ndimafuna ndidziwe ngati abwera ndi galimoto kapena ndikwere basi."

Ndinatuluka m'chipindamo n'kukaima m'kakhonde, pafupi ndi chozimira moto. Amayi ali ndi vuto la mtima, ndipo anali okha m'nyumba.

"Sangayankhe panopa, amayi. Ali kumwamba."

"Iwe! Pakamwa pakopo! Munthu wamoyo amati ali m'mwamba. Kumwamba kuli bambo ako. Sukulu yonse ija osadziwa kulankhula?"

"Pepani, amayi. Ali m'mwamba."

"Eya. Akatsika umuuze andiimbire. Nanga mawu akowo atani, chimfine?"

"Chimfine, amayi."

"Uzivala juzi. Zipinda zanu zozizirazo zidzakupha."

Nditadula ndinatsamira khoma. Sindinadziwe kuti mwa mawu awiri aja, loona ndi liti. Ndinalira pang'ono, mwakachetechete, kenako ndinapukuta m'maso ndi mkono wa malaya n'kubwerera pa desiki.

Wa pansanja anaimba kudzanena chimene tonse tinkachiwerengera mumtima. Malinga ndi mafuta amene Mzime ananyamuka nawo, pofika nthawi imeneyo thanki inali itauma kapena ili pafupi kuuma. Ndiye kuti mzere wachiwiri ukatulukanso wogwedera, ali m'mwamba ndi madontho otsiriza. Ukatuluka wosalala, waima, kaya watera kaya wagwa. Ndipo ukatuluka wosalala n'kuloza pamapiri pomwe paja, ndiye kuti anali pomwepo nthawi yonseyi, ine ndi dzanja langa n'kumuchotsera thandizo.

A Pulofesa anandiikira madzi pafupi. Sanazungulirenso tebulo. Anakhala pa kampando kawo atagwira mawondo, nsapato zili phee.

Nthawi ya setilaiti itakwana, sikirini inakhala yopanda kanthu. Ndinadziuza kuti ikadali m'munsi, zitunda zikuitchinga. Ndinadziuzanso kuti batire silingathe msanga chonchi. Abwana anali ataima kumbuyo kwanga ndipo ndinkamva kupuma kwawo. Panja a Kaputeni anali atakhala kale pampando wawo, chitseko chili chotsekula, akuyang'ana kuthambo kumene kunkaderaderabe.

Kadontho koyamba kanatuluka. Kenako kachiwiri, patapita nthawi yokwana kuphika dzira m'maganizo mwanga. Kamwanapiye sikalira mosalekeza, kamalira n'kupuma, kulira n'kupuma, ndipo pakati pa kulira kulikonse ine ndinkafa n'kudzuka. Kachitatu kanagwera pomwe kankayenera kugwera. Kachinayi chimodzimodzi. Mzere unayamba kupindika bwinobwino, n'kutsetsereka mosalala, popanda kadontho kamodzi kotuluka m'njira. Zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi ndakhala ndikupempherera mizere yotere. Umenewu unali wokongola kuposa yonse imene ndinaionapo, ndipo ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse.

"Waima," anatero a Pulofesa monong'ona.

"Ndaona."

Kompyuta siloza malo mpaka setilaiti itamaliza kudutsa. Ndinaluma chala mpaka kumva kukoma kwa magazi. Kenako manambala anatuluka, kompyuta osadandaulanso kanthu. Abwana anawawerenga mokweza, a Pulofesa n'kuthamangira pa mapu ndi pensulo. Dzanja lawo linapita kumapiri mwachizolowezi, linaima, kenako linayamba kubwerera chakum'mawa. Linadutsa mtsinje, linadutsa njanji, n'kukaima pachidikha, pamene mapu akuonetsa minda ikuluikulu.

Sikunali kumapiri. Sikunali n'kufupi komwe. Mphepo iyenera kuti inamukankha ali pamwamba pa mitambo, iye n'kumatsata kumene kunkaoneka kowala. A Pulofesa anamenya tebulo ndi chikhatho, kapu ija n'kugwa n'kunyowetsa dera lonse la mapiri. Abwana anali atayamba kale kuwerengera a Kaputeni manambala, ndipo asanamalize mawindo anali akunjenjemera.

Ine sindinakondwere. Ndinali nditapeza malo, koma mzere wosalala sunena ngati munthu akupuma.

Ulendo wa kuchidikha unali waufupi poyerekeza ndi wa kumapiri, koma mvula inali ikuwathamangitsa kumbuyo. Madontho oyamba anayamba kumenya windo lathu. A Kaputeni ankalankhula mwa apo ndi apo, mawu ochepa, a ntchito okhaokha: adutsa mtsinje, mitambo yatsika, akuuluka m'munsi. Abwana anandipatsa cholankhulira kuti ndigwire ine, osanena chifukwa. Ndinachigwira ndi manja awiri.

"Tayamba kukamva kamwanapiye," anatero a Kaputeni. "Kali kutsogoloku." Kunadutsa nthawi. "Ndikuona mkwasa wautali m'munda wolimidwa kumene. Anayesa kutera. Dikirani." Wailesi inati fwaa. "Ndaiona. Mawilo anatitimira m'dothi, yagwa chamutu, mchira uli m'mwamba. Moto palibe."

Moto palibe. Ndinabwereza mawu amenewo mumtima ngati pemphero.

"Anthu?" anafunsa abwana pamwamba pa phewa langa.

"Ndikuona wina akukupiza chovala choyera. Wina waima pafupi ndi phiko. Wachitatu wagwada pakhomo la ndege. Ndikuona atatu."

"Analimo anayi," ndinatero. Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

"Ndikudziwa, mayi. Tikutera."

Kenako wailesi inakhala chete, ndipo chete ameneyo sindingamufunire ngakhale mdani wanga. Mvula inali itakula, ikuchita mkokomo padenga. Ndinkadziwa kuti ovala zoyera ndi dokotala ndi anamwino. Mzime savala zoyera, amati zimada msanga. Ndinadina batani kuti ndifunse, n'kulisiya. Ndinadinanso, n'kulisiyanso. Abwana anaika dzanja pa phewa langa, ndipo sindinalichotse.

"Chipinda, muli pomwepo?"

"Tilipo, a Kaputeni."

"Woyendetsa ali moyo. Anapanikizika miyendo ndi zitsulo za kutsogolo, tamutulutsa. Wataya magazi ambiri. Adokotala amene anali nayewa ndi amene amugwirizira mpaka pano, koma akuti zida zawathera, akufunika chipatala chachikulu msangamsanga. Konzani ambulansi ifike pabwalo pomwepo. Tikunyamuka tsopano, mvula isanatitsekere."

Abwana anathamangira foni. Inde, abwana athu aja, anathamanga. A Pulofesa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, kupukuta kosatha. Ine ndinangokhala, cholankhulira chili pachifuwa.

"A Makutu," anateronso a Kaputeni, ndipo minga ija inali itachoka m'mawu awo, "pali munthu pano akuvuta. Akuti sakhala chete mpaka alankhule nanu. Namwino wamuveka zomvera."

Kunamveka kukhwekhwereza, ndi phokoso la injini, kenako kupuma kwa munthu wotopa.

"Achemwali?"

"Ndili pano, Mzime."

"Ndinazungulira mpaka chizungulire. Ndimati kaya achemwali akundiona, kaya apita kokamwa tiyi."

"Ndimakuona."

"Anthu anga onse atatu ali bwino. Muwauze abwana kuti sindinataye ngakhale mmodzi."

"Amva. Nanga iweyo?"

Ndinamva namwino akumuuza kanthu, iye n'kukana.

"Miyendo sindikuimva, achemwali," anatero, mawu atachepa ngati a mwana. "Ndikuiona, koma sindikuimva. Ndipo tulo tikundivuta."

Namwino analowerera n'kunena kuti asagone, zivute zitani, mpaka afike. Ndinakoka mpando n'kuyandikira wailesi ngati kuti potero ndiyandikira iyeyo.

"Wamva? Usagone. Uzilankhula nane mpaka mutere pano."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Ndinyoze ngati ukufuna."

"Zoona? Simundimenya?"

"Lero lokha."

Anapuma kawiri, movutikira. Kenako anayamba. Anati ndimaphika ngati ndikulanga anthu, anati diresi limene ndinavala pa ukwati wa msuweni wathu linali ngati katani ya m'basi, anati amuna amandithawa chifukwa ndimawakonza masamu pa tsiku loyamba. Akayamba kuzilala ndinkakuwa kuti, "Chinanso? Zatha zomwezi?" iye n'kudzuka n'kupeza china. Ine n'kumangoti eya, eya, ukunena zoona, pitiriza, misozi ikugwera pa mabatani, chala chili pa cholankhulira osachoka.